Mabotolo atatu amene achemwali anandipempha

Uthenga wa achemwali unafika 4 koloko m'mawa, ndili pa shifiti ya usiku, nditangomaliza kutembenuza agogo ena a m'chipinda chakumapeto kuti asachite zilonda zapamsana. Anatumiza kavidiyo ka pa WhatsApp ka bambo wina wovala jasi loyera, akulankhula mokweza kuti vitamini D amazimitsa kutupa kulikonse m'thupi, amachotsa poizoni m'magazi, ndiponso kuti madokotala amabisa zimenezi. Pansi pake analemba kuti: "Mng'ono wanga, mawondo a amayi aja akuti mankhwala ake ndi amenewa. Ugule mabotolo atatu amphamvu kwambiriwo, upatsire aliyense amene akubwera pa Khirisimasi."

Achemwali sanandipemphe mwangozi. Akudziwa kuti ineyo ndimamwa vitamini D tsiku lililonse, ndipo ndi ine ndemwe ndinawauza mmene anandithandizira.

Ndinafika ku Leeds, mzinda wa ku England, mu Seputembala 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, nditaphunzitsa Biology kwa zaka 11 kusekondale ina kwathu ku Dedza. Anthu ankandiuza kuti iwe wa ku Dedza kuzizira sukuopa, unazolowera chiperoni cha mu Juni. Kuzizirako ndinapiriradi. Chimene sindinachikonzekere ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko n'kulowa isanakwane 4 koloko, ndipo ngakhale latuluka limangoyenda m'munsi mwa thambo ngati likuchita manyazi. Ine ndinkaweruka kukadali mdima, kugona usana wonse makatani ali otseka, kudzuka kutada kale. Pofika Febuluwale miyendo inkaphwanya, makamaka m'ntchafu ndi m'chiuno. Kukwera masitepe a basi ya nsanjika ndinkachita kugwirira chitsulo ndi manja onse awiri. Ndikakhala pansi kuvalitsa munthu sokosi, kudzuka kwake kunali nkhondo. Ndinkati ndi ntchito yonyamula anthuyi, kapena kusowa kwathu.

Adokotala ananditenga magazi. Vitamini D anapezeka 19 nmol/L (muyeso wa kuchuluka kwake m'magazi), pamene kuno munthu akatsika pansi pa 25 amati ndi woperewera. Anayezanso chinthu china chotchedwa CRP, chimene chimasonyeza kutupa kwa m'kati mwa thupi, ndipo chinali pa 7, chokwera pang'ono. Anandipatsa kapusozi wa 50,000 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini) kamodzi pa sabata kwa masabata 6, kenako kapiritsi kakang'ono tsiku ndi tsiku. Itatha miyezi iwiri kuphwanya kuja kunatha. Ndinayamba kukwera masitepe chikwama chili m'manja. Choncho pamene ndikulemba izi sindikulemba ngati munthu wonyoza mankhwalawa. Anandibwezera miyendo yanga.

Chifukwa chimene ndinapereweraracho n'chosavuta kumva. Vitamini D ambiri sitimupeza m'mbale ayi, amapangidwa pakhungu pamene cheza china cha dzuwa, chotchedwa UVB, chagunda khungulo. Akachoka pakhungu amapita kuchiwindi kukasinthidwa koyamba, ndipo mtundu umenewu ndi umene amayeza m'magazi. Kenako impso zimamusinthanso kukhala wogwira ntchito weniweni, amene amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu wolimbitsa mafupa ndi minofu. Dedza ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, dzuwa limagunda paliwombo chaka chonse. Leeds ili pafupifupi madigiri 54 kumpoto, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi cheza chija sichifika chokwanira, ngakhale munthu atayima panja tsiku lonse. Sichidutsanso pagalasi, ndiye kuothera dzuwa pawindo n'kungotenthetsa thupi chabe. Khungu lathu lakudali, limene limatiteteza bwino kwathu, kuno limachedwetsa ntchito yonseyi. N'chifukwa chake kuchokera mu 2016 boma la Britain limalangiza aliyense kumwa mamaikulogalamu 10, amene ndi 400 IU, m'miyezi yozizira, ndipo ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Amalawi anzanga amene muli kuno, makamaka a mashifiti a usiku, mawu amenewa ndi athu. Musadikire miyendo kuti ikuuzeni.

Koma bambo wa m'kavidiyo uja sankanena za mafupa. Ankanena za kutupa ndi zimene Achingerezi amati oxidative stress, ndipo uphunzitsi uli m'magazimu sunandilole kungoyankha achemwali kuti inde kapena ayi. Ndinatha masabata atatu ndikuwerenga pa nthawi yopuma, tiyi akuzizira patebulo.

Kutupa tonse timakudziwa. Minga ikakulasa kuphazi pamalopo pamatupa, pamatentha, pamapweteka. Amenewo ndi asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi, akuthamangira pachilonda kukamenyana ndi tizilombo. Kutupa kotere n'kwabwino, popanda iko kabala kakang'ono kakanatipha. Vuto limabwera pamene nkhondo yatha koma asilikali sakubwerera kumsasa. Amangoyendayenda m'mitsempha, kuwononga pang'onopang'ono kwa zaka, munthu osamva kanthu. Kutupa kwachinunu kumeneku kumapezeka mwa anthu a shuga, onenepa kwambiri, osuta fodya, ndi odwala mtima. Chiwindi chikamva kuti kwinakwake kuli nkhondo chimatulutsa CRP uja, ndiye adokotala akamuyeza amakhala ngati aona utsi, ngakhale sakudziwa kumene kuli moto.

Za oxidative stress ana anga a Fomu 3 ndinkawauza ndi khasu. Siyani khasu pamvula, pakatha masabata lachita dzimbiri. Dulani peyala n'kulisiya patebulo, lada. Mpweya wa okosijeni umene umatipatsa moyo ndi womwewo umene umadya chitsulo. M'maselo mwathu, pamene chakudya chikuwotchedwa kuti tipeze mphamvu, pamathetheka tizidutswa taukali ta okosijeni timene timalumaluma mafuta a pakhoma la selo, mapuloteni, ngakhale DNA. Thupi lili ndi otsuka ake, monga glutathione, amene amagwira tizidutswati tisanawononge. Zikachuluka kuposa otsukawo, ndiye dzimbiri la m'thupi limenelo. Ndipo zinthu ziwirizi zimadyetsana: maselo oyera aja amapanga dala tizidutswa taukaliti kuti aphere tizilombo, ndipo maselo owonongeka ndi tizidutswato amaitananso asilikali ena.

Tsono vitamini D akulowa pati? Apa mpamene pali choonadi chimene kavidiyo kaja kanatsamira, ndipo n'choonadi chokoma kwambiri. Maselo a chitetezo ali ndi malo olandirira vitamini D, ndipo ena mwa iwo amatha kumusintha okha kukhala wogwira ntchito, osadikira impso. Mu 2006 gulu la Robert Modlin ku Los Angeles linasonyeza kuti selo la chitetezo likazindikira kachilombo ka TB limagwiritsa ntchito vitamini D kupanga chida chophera kachilomboko chotchedwa cathelicidin, ndipo m'madzi a magazi a anthu akuda a ku America, amene anali ndi vitamini D wochepa, ntchitoyi inkayenda mofooka mpaka atamuwonjezera. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kuti kale ku Ulaya, mankhwala a TB asanabwere, odwala ankawagoneka padzuwa ndi kuwamwetsa mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod, ndipo Niels Finsen wa ku Denmark analandira mphoto ya Nobel mu 1903 chifukwa chochiza TB ya pakhungu ndi kuwala. M'mbale za mu labu vitamini D amatontholetsanso timauthenga toitana kutupa, monga IL-6 ndi TNF, ndipo amalimbikitsa selo kupanga otsuka ake. Komanso kafukufuku wambirimbiri wapeza kuti anthu amene ali ndi vitamini D wochepa amakhala ndi CRP wokwera.

Ndikanalekera pomwepa ndikanagula mabotolo atatuwo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso limene ndinkafunsa ana anga nthawi zonse ndi lakuti: chayamba n'chiti? Ku Glasgow, mu 2011, madokotala anayeza anthu amene ankachitidwa opaleshoni yoika bondo latsopano. Opaleshoni imadzutsa kutupa kwakukulu. Pasanathe masiku awiri vitamini D wa m'magazi mwawo anali atatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Sikuti anasiya kudya kapena kuona dzuwa kwa miyezi ayi, kutupako ndiko kunamutsitsa. Onjezerani kuti munthu wodwala satuluka panja, ndipo wonenepa vitamini D wake amabisala m'mafuta a thupi. Ndiye mukapeza wodwala ali ndi vitamini D wochepa, mwina kuchepako ndi chipsera cha matendawo osati gwero lake.

Njira yokhayo yodziwira ndi kugawa anthu pawiri mwamaere, ena kuwapatsa vitamini weniweni, ena kapusozi wopanda kanthu, n'kudikira. Kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu ndi VITAL wa ku America, wotsogoleredwa ndi JoAnn Manson wa ku Harvard. Anatenga anthu achikulire 25,871, mwa iwo oposa 5,000 akuda, n'kupatsa theka lawo 2,000 IU tsiku lililonse kwa zaka zoposa 5. Khansa sinachepe. Matenda a mtima ndi sitiroko sanachepe. Atayeza zizindikiro za kutupa pa gulu lina la anthuwo, patatha chaka chimodzi sizinatsike. Patatha zaka ziwiri CRP anatsikako, koma pofika chaka chachinayi kusiyanako kunali kutazimirira. Chimodzi chokha chimene chinandiimitsa ndi cha matenda amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe, monga nyamakazi yotupitsa mfundo ya rheumatoid ndi psoriasis: omwa vitamini D amene anayamba matenda otere anali 123, enawo 155, kuchepa kwa 22 peresenti. Ndi kanthu ndithu, koma ndi anthu 32 pa anthu pafupifupi 26,000, ndipo ndi nkhani yopewa, osati yochiza amene akudwala kale.

Ambiri mwa anthu a mu VITAL anali ndi vitamini D wokwanira asanayambe n'komwe. Apa mpamene kafukufuku wina anandimasulira mfundo yonse. Elina Hyppönen ndi mnzake Ang Zhou, a ku yunivesite ya South Australia, anasanthula zotengera kwa makolo (ma gene) ndi magazi a anthu 294,970 a ku Britain, onse azungu. Anapeza kuti kuperewera kwa vitamini D kumakwezadi CRP, koma kwa okhawo amene ali pansi kwenikweni. Munthu akafika pokwanira, kuwonjezera sikutsitsanso kanthu. Zofananazo anazipeza Adrian Martineau wa ku London mu 2017, atasonkhanitsa makafukufuku 25 a chimfine ndi matenda a m'chifuwa: amene anapindula kwambiri ndi amene anali pansi pa 25 nmol/L ndipo ankamwa pang'ono tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata. Opatsidwa mlingo waukulu mwa apo ndi apo sanatetezeke. Zili ngati feteleza. Chimanga chachikasu chosowa chakudya ukachithira chimadzuka. Chimanga chobiriwira kale ukachiunjikira matumba, umangochiwotcha.

Ngakhale TB ija, imene nkhani yake ya mu labu inandigwira mtima, inakana. Ku Ulaanbaatar, m'dziko la Mongolia, ana asukulu 8,851, ambiri a iwo operewera, theka linapatsidwa 14,000 IU sabata iliyonse kwa zaka zitatu. Vitamini D m'magazi anakwera bwino, koma otenga kachilombo ka TB anali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Atayesanso pa ana a ku Cape Town yankho silinasinthe. Ndinamva chisoni powerenga, chifukwa ndinataya malume anga ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndikanakonda kuti yankho likhale lotsika mtengo chonchi.

Za dzimbiri lija umboni wake ndi wopyapyala kuposa pamenepa. Pali timakafukufuku tating'onoting'ono, tambiri ta ku Iran, ta anthu makumi angapo kwa masabata 8 kapena 12, kawirikawiri odwala shuga kapena amayi oyembekezera, timene timasonyeza kuti chizindikiro cha mafuta owonongeka chotchedwa MDA chimatsika ndipo glutathione amakwera. Sindikutsutsa manambalawo. Koma nambala ya papepala la labu si moyo wa munthu. Phunziro limeneli linaphunziridwa mowawa ndi beta-carotene, wotsuka dzimbiri wotchuka amene aliyense ankakhulupirira kuti ateteza osuta fodya. Ku Finland anamupatsa amuna osuta pa kafukufuku wa anthu oposa 29,000, ndipo mu 1994 zinadziwika kuti khansa ya m'mapapo inakwera ndi 18 peresenti mwa amene ankamumwa. Kuyambira pamenepo, wina akandiuza kuti chakuti chimachotsa poizoni m'maselo, ndimafunsa kuti anthu amene anamwawo anachira chiyani.

Thupi langa lomwe linandiphunzitsa zofanana. Nditamaliza makapusozi aja anandiyezanso: vitamini D anafika 68, miyendo ili bwino, koma CRP anali pa 6. Sanasunthe kwenikweni. Ndinali ndi dzino lakumapeto lobowoka limene ndinkalinyengerera ndi panado kuyambira ndili kwathu, nkhama zikutuluka magazi ndikamatsuka. Litazulidwa n'kupola, poyezanso chaka chotsatira CRP anali pa 2. Munthu mmodzi si kafukufuku, ndikudziwa, koma utsi uja unali ndi moto wake, ndipo kapusozi sakanauzimitsa dzinolo likadali m'kamwa.

Tsopano mawondo a amayi. Ali ndi zaka 71, alima moyo wawo wonse, asenza nkhuni kuchokera kuphiri ndi ndowa kuchokera kumjigo. Mawondo awo amalira akamadzuka pamphasa, amawawa kwambiri madzulo akayenda. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi ya kutha kwa mfundo, khungu loterera la pakati pa mafupa ladyeka. Matenda enieni amenewa anayesedwa. Ku Australia, m'mizinda ya Hobart ndi Melbourne, anthu 413 a mawondo otere, amenenso vitamini D wawo anali wotsika, theka linapatsidwa 50,000 IU mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri. Zotsatira zinatuluka mu 2016: ululu sunasiyane kwenikweni ndi wa enawo, ndipo mfundo zinapitiriza kudyeka mofanana.

Mabotolo amene achemwali ankanena ndi a 10,000 IU kapusozi mmodzi, ndipo bambo uja ankati awiri pa tsiku. Malangizo a kuno amati munthu wamkulu asapitirire 4,000 IU pa tsiku kwa nthawi yaitali popanda dokotala womuyang'anira. Vitamini D sali ngati vitamini C amene wotsala amatuluka ndi mkodzo. Amasungika m'mafuta a thupi, ndipo akachuluka amakoka kashiamu wambiri kulowa m'magazi: munthu amachita nseru, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusokonezeka mutu, ndipo impso zimatha kuchita miyala kapena kuwonongeka. Amayi amamwa mankhwala a BP, kapiritsi kokodzetsa kaja, kamene pakokha kamachititsa impso kusunga kashiamu. Kumudzi kwathu palibe amene angawayeze kashiamu mwezi ndi mwezi. Ndinawerenganso za amayi okalamba 2,256 a ku Australia, amene theka lawo linkapatsidwa 500,000 IU kamodzi pachaka kuti mafupa alimbe. Mu 2010 zinapezeka kuti opatsidwawo ndi amene ankagwa kwambiri ndi kuthyoka mafupa kwambiri. Ndimagwira ntchito ndi okalamba, ndaona ndi maso anga zimene kuthyoka chiuno kumachita kwa munthu wa zaka zimenezi. Ambiri sayendanso.

Sindikunena kuti kwathu kulibe operewera chifukwa kuli dzuwa. Ndinkaganiza choncho, koma Reagan Mogire wa ku Kenya ndi anzake atasonkhanitsa makafukufuku a mu Africa monse mu 2020, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse ali pansi pa 50 nmol/L, makamaka a m'tauni, amayi ndi makanda. Ganizani za mlongo wathu wa mu ofesi ku Lilongwe amene amachoka m'nyumba kulowa m'galimoto, m'galimoto kulowa mu ofesi. Ganizani za agogo amene agona m'nyumba chaka chathunthu. Mankhwala ena, monga rifampicin wa TB ndi efavirenz amene anali m'ma ARV amene ambiri ankamwa kale, amatsitsanso vitamini D. Amenewa ndi anthu oyenera kufunsa achipatala. Ndipo mfundo imeneyi inandibwezera kwa amayi, chifukwa achemwali anali atandiuzapo kuti chiyambire kuvuta kwa mawondowa amangokhala m'nyumba, kumunda anasiya, kutchalitchi amapita mwa apo ndi apo.

Ndinawaimbira achemwali Lamlungu masana. Sizinayambe bwino. Anati, "Iwe ukumwa, wachira, koma amayi ako ukuwamana?" Mawu amenewo anandilasa, chifukwa amene ali kunja amadziwa mlandu umene timayenda nawo mumtima, wakuti tinasiya ena akusenza mtolo wa makolo. Iwo ndi amene amawatenthetsera madzi usiku, amene amamva kubuula kwawo. Kavidiyo kaja kanawapatsa chiyembekezo, ndipo ine ndinali kudzachilanda ndili kutali. Ndinawauza kuti, "Achemwali, ine chimene chinkandipweteka ndi njala ya dzuwa, ndipo ndinayezedwa. Amayi chikuwapweteka ndi mfundo zodyeka. Mankhwala anga si awo, ndipo amphamvuwo akhoza kuwapweteka impso." Anakhala chete nthawi yaitali, ndikungomva nkhuku ndi wailesi kumbuyo. Kenako anafunsa kuti nanga tichite chiyani.

Tinagwirizana zinayi. Ndalama ya mabotolo atatu ija ndinaitumiza kuti apite nawo kukaonana ndi a fiziyo, amene anawaphunzitsa kuwongola mwendo ali pampando kuti minofu ya ntchafu ilimbe ndi kunyamula bondo. Tinawagulira ndodo ndi mpando wokwera bwino kuti asamadzuke kuchokera pansi. Dzira azidya ndi yolk yake yomwe kangapo pasabata. Ndipo ndinatumizadi botolo limodzi, la 400 IU ngati limene amalangiza kuno kwa okalamba osatuluka panja, nditalemba pachivindikiro ndi cholembera chakuda kuti kamodzi pa tsiku, ndipo achemwali analionetsa kaye kwa achipatala amene amawapatsa mankhwala a BP.

Sabata yatha achemwali anatumiza chithunzi. Amayi ali pampando wawo watsopano pabwalo, 9 koloko m'mawa, manja ndi miyendo zili padzuwa, lichero la nyemba lili pamiyendo akusankha. Mawondo akuwawabe, anatero, koma Lamlungu anafika kutchalitchi ndi ndodo yawo, anapuma kawiri panjira. Chithunzicho ndinachiona ndili pamalo odikirira basi, 7 koloko ya kuno, nyali za mumsewu zikadali zoyaka. Nditafika kunyumba ndinameza kapiritsi kanga ndi tiyi wamkaka, n'kutseka makatani.